Mlongo wa M'buku la Pakhomo

Mwina inunso mwaimva kale, chifukwa sabata ino palibe pakamwa pomwe nkhaniyi sinadutse. Kumpopi akuinong'ona, pamzere wa basi akuinong'ona, ngakhale mayi wogulitsa sopo pakona paja, amene salankhula ndi munthu, akuti anaitana mnzake n'kumutsina khutu. Akuti Kadontho ndi Mawaya, aja akhala akugwirana manja mumsewu chaka chonsechi ngati ana a sukulu ya mkaka, ndi pachibale. Magazi amodzi! Akuti bambo mmodzi, amayi osiyana. Ena afika pomati, "Ife tinaona kale, makutu awo aja ndi ofanana."

Makutu ake ati? A Mawaya ndi aakulu ngati zogwirira poto, pomwe a Kadontho n'timakutu toti ndolo imachita kusowa pokhala. Koma anthu akafuna kuona chinthu, amachiona basi.

Tsono khalani pansi, chifukwa zenizeni zake n'zomvetsa chisoni kuposa bodzalo. Bodzalo sanapeke ndi mdani ayi. Amene analiyambitsa ndi Kadontho yemwe, ndi dzanja lake lamanja.

*

Lolemba m'mawa Mawaya anagwa pamakwerero. Mnyamatayu amakonza magetsi, n'chifukwa chake dzinalo, ndipo tsikulo ankapachika nyali padenga la sitolo ina. Foni yake inaphwanyikira pomwepo. Kadontho, yemwe anthu anamutcha choncho chifukwa cha kadontho kakuda kali m'munsi mwa diso lake, anamva uthengawo ali mkati moluka munthu kusaluni. Anausiya mutu wa eni ake theka woluka, theka uli nyankhalala, n'kuliyatsa liwiro.

Chipinda cha ovulala kwambiri chili kumapeto kwa khonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera. Pakhomo pake pali tebulo, patebulopo buku lalikulu la chikuto chobiriwira ndi cholembera chomangirira kuchingwe. Kuseri kwa tebulolo kumakhala mlonda wa ndevu zaimvi amene aliyense amangomuti a Chipewa, poti chipewa chawo savula.

Kadontho analemba tsiku, analemba dzina lake, analemba la wodwala. Atafika pamalo omalizira anaima. Pamwamba pake panali liwu limodzi la Chingerezi lakuti Relation.

"Apa ndilembe chiyani, abambo?"

"Akufunsa kuti ndinu ndani wake. Ubale. Mayi, bambo, mkazi, mwana, mlongo. Basi."

"Nanga bwenzi?"

A Chipewa anaseka mpaka kutsokomola. "Bwenzi! Mwezi watha kunabwera mabwenzi atatu a bambo mmodzi. Anakumanizana pabedi pomwepo. Anagendana ndi mabeseni mpaka wodwala wa pafupi anachira ndi mantha, n'kuthawa atanyamula diripi yake kumanja. Chichokereni tsiku limenelo akulu a anamwino analamula kuti muno ndi achibale okhaokha. Ndipo wonama tikamugwira," anatero akusisita cholembera chofiira chomwe chinali m'thumba la malaya, "dzina lake timalikhwatcha. Sapondanso muno mpaka wodwala wake atatuluka. Tsono inu ndinu ndani wake?"

Chitseko cha chipindacho chili ndi kagalasi. Kadontho anasuzumira ndipo anaona phazi lotulukira kunja kwa bulangeti, lovala sokosi yobooka pachala chachikulu. Sokosi imeneyo iye anakhala akulonjeza kuti aisoka.

Anawerama n'kulemba mawu awiri: mlongo wake.

"Aa, bwanji osangonena kale, achemwali? Lowani."

*

Mawaya anali atamukulunga mutu ndi bandeji, mkono wamanja uli m'pulasitala. Koma pakamwa pokha panali pasanathyoke.

"Wabwera kudzaona kukongola kwanga kwatsopano?" anatero atamuona. "Walowa bwanji? Akuti pakhomopo m'povuta kuposa pachipata cha kumwamba."

Kadontho anamunong'oneza zomwe analemba. Mawaya anayamba kuseka, nthiti zinamubaya, anasiya, kenaka anayambiranso.

"Mlongo wanga! Ndiye kuti malemu bambo anga anali ndi diso, eti?"

"Usaseke iwe, ine ndikuopa."

"Ukuopa chiyani? Ndi zamasiku awiri izi. Lamlungu lija ndinati ndikakuonetsa kwa mayi lidakalipo. Ndikangotuluka muno ndiwauza maso ndi maso kuti nkhani ya Madamu aiiwale."

Madamu ameneyu mumudziwe bwino. Ndi mphunzitsi, mwana wa mnzawo wa amake Mawaya, mtsikana woyenda mowongoka ngati wameza rula. Amake Mawaya anamusankha kalekale mumtima mwawo kuti ndiye mpongozi wawo. Za Kadontho ankangomva mphekesera, ndipo ankamutchula kuti "kakusaluni kaja."

Kadontho anatuluka tsikulo mtima utakhalako pansi. Sanadziwe kuti amake Mawaya ali ndi chizolowezi chimodzi: buku lililonse lomwe apatsidwa kuti asaine, amayamba aliwerenga kuchokera pamwamba ngati nyuzipepala.

*

Lachiwiri masana, nthawi yoona odwala, Kadontho anapeza mayi wina wonenepa, wa magalasi, atakhala pabenchi pafupi ndi tebulo la a Chipewa. Pambali pawo panali Madamu atanyamula fulasiki. Anali amake Mawaya. Kadontho anafuna kubwerera, koma mayiwo anali atamuona kale.

Mayi wina aliyense akanakuwa. Akanati, "Ine ndinabereka mwana mmodzi, mlongoyu wachokera kuti?" Nkhani ikanathera pomwepo. Koma amake Mawaya anamwetulira, n'kutambasula manja.

"Bwera kuno, mwana wanga!" anatero mokweza, mpaka anamwino awiri ndi mayi wokolopa anacheuka. "Anthuni, uyu ndi mlongo wake wa mwana wanga, wa kwa bambo ake. Amuna mukuwadziwa inu. Malemu amuna anga anali oyendayenda, koma ine ndilibe mangawa. Mwana ndi mwana."

"Muli ndi mtima wabwino, mayi," anatero namwino mmodzi.

 Kadontho ali chiimire pomwepo, Madamu anatenga cholembera, ndipo pamalo omalizira paja analemba mosathamanga, ndi zilembo zokongola za pabolodi: mkazi wake.

"Ameneyu ndi mpongozi wanga," anatero mayiwo a Chipewa asanafunse n'komwe. Nanga mlonda angatsutse mayi wobereka?

M'katimo zinthu zinali zitasintha. Mawaya thupi linali litatentha, maso akungotsegula pang'ono n'kutsekanso, osazindikira amene walowa kapena watuluka. Adokotala anati m'mutu mwatupa, ndipo Lachisanu m'mawa ayenera kumuchita opaleshoni. Anatinso akadzatsitsimuka mutu udzakhala wosokonekera kwa masiku angapo, ndiye adzafunika kuona nkhope zomwe amazikonda. Kutuluka m'chipindamo ndiye mpaka patatha masabata atatu.

Pabedipo pali mpando umodzi wokha.

"Mpando ndi wa akazi awo," anatero namwino. "Achemwali, inu imani kumiyendoko."

Kadontho anaima kumiyendo, pafupi ndi sokosi yobooka ija. Madamu anakhala pampando, n'kuyamba kupukuta thukuta pamphumi pa Mawaya.

"Alamu," anaitana ndi mawu otsekemera ngati uchi, "tandiviikireniko thauloli m'madzi."

Alamu! Ndipo Kadontho anapita kukaviika. Nanga akanatani?

Belu lotulutsa anthu litalira, amake Mawaya anamugwira mkono pakhonde ngati akumutsanzika. Kumwetulira kunalipobe, koma mawu anali ozizira.

"Ndikukudziwa bwinobwino, iwe kakusaluni. Walira mvula, walira matope. Unalemba wekha, ine sindinakugwire dzanja. Ukafuna kukana, a Chipewa ndi awo, cholembera chofiira ali nacho. Ukafuna kumamuona, khala mlongo. Koma udziwe kuti mlongo sakwatiwa ndi mchimwene wake."

*

Mwaiwala mayi wokolopa uja? Ameneyo amakhala msewu umodzi ndi Kadontho, nyumba yachinayi kuchokera pakona. Pomwe dzuwa la Lachitatu linkatuluka, nkhani inali itavala kale nsapato.

Uthenga woyamba unachokera kwa Wailesi, mnzake wa kusaluni, mtsikana wa mtima wabwino koma pakamwa popanda chitseko.

"Iwe, n'zoona zomwe ndikumvazi? Ine sindinauze munthu, koma anthu asanu andifunsa kale."

Kadontho anamuimbira pomwepo, n'kumufotokozera zonse akulira.

"Ndiye uwauze anthuwo kuti ndi bodza," anamaliza motero.

"Mayo ine! Ndiwauze bwanji? Akuti zalembedwa m'buku la kuchipatala, ndipo amake avomera okha pamaso pa anthu. Komanso taganiza, ndikangoti ndi bodza, mawa m'mawa wokolopa uja akauza a Chipewa. Ukufuna zimenezo?"

"Ayi."

"Nanga bwanji osakamuulula Madamuyo? Naye wanama, si mkazi wake!"

"Andikhulupirira ndani? Iye mboni yake ndi mayi wobereka. Ine mboni yanga ndi munthu amene sakutha n'kutsegula maso komwe."



"Mnzanga," anatero Wailesi, "khoswe wakhala pamkhate. Ukamugenda uswa mkhate wako womwe."

Tsiku limenelo Kadontho anayenda mumsewu maso ali pansi. Amayi awiri amene ankacheza pageti anasiya kulankhula iye akudutsa, n'kuyambiranso atangopitirira. Bambo wokonza nsapato, amene masiku onse amamupatsa moni wa "alamu athu," anangoyang'ana nsapato yomwe inali m'manja mwake ngati ndi koyamba kuona nsapato.

*

Lachinayi masana mwayi unagwa, koma wa mphindi zitatu zokha. Amake Mawaya anaitanidwa kuti akasaine mapepala a opaleshoni, ndipo foni ya Madamu inalira, anatuluka kukayankha. Kadontho anachoka kumiyendo kuja, n'kugwada pafupi ndi pilo. Anagwira dzanja lamanzere la Mawaya. Linali lotentha ngati mbale yochokera pamoto.

"Ndine," ananong'ona. "Ndili pano."

Maso aja anatseguka pang'onopang'ono. Anayendayenda padenga, kenaka anaima pa kadontho kaja.

"Kado..." Mawu ankatuluka movutikira. "Usachoke. Mawa ndikadzuka... ndikupeze."

"Undipeza."

"Lumbira."

"Ndalumbira. Undipeza pompano."

Anamufinya zala pang'ono, n'kugonanso. Kadontho atadzutsa mutu anapeza Madamu ataima kumbuyo kwake, foni ili m'manja.

"Alamu, chikondi chanu cha pachibale n'chachikulu ndithu."

Kadontho anaimirira. "Mukudziwa kuti sakukufunani. Mukudzivutitsiranji?"

Ankayembekeza mwano, koma Madamu anangokhala pampando uja.

"Ine ndamudikira zaka zinayi," anatero motsitsa. "Iwe wangomudziwa chaka chimodzi. Usandione ngati mfiti. Masabata atatu akadzuka n'kumaona ine, akafuna madzi n'kumapatsidwa ndi ine, mwina adzandiona koyamba. Sindikupempha zambiri." Kenaka anawongola msana, mawu a uchi aja anabwerera. "Tsono bwererani kumiyendo, anamwino akubwera."

*

Kadontho atafika kunyumba chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, anadabwa kuona njinga ya bambo ake itatsamira kale pakhoma. Bambo ake ndi telala, munthu wofatsa, wosaweruka msanga ngakhale tsiku limodzi. Anawapeza pabalaza atakhala tsonga, tepi yoyezera idakali m'khosi, tiyi atazizira patebulo. Mayi ake anali pakhomo la kukhitchini maso atatupa. Pafupi ndi chitseko panali chikwama chachikulu chotseka.

"Khala pansi," anatero bambo ake. "Lero kwabwera munthu kudzayezetsa buluku. Ndikumuyeza m'chiuno, akundiuza kuti, 'Pepani abambo, tamva. Koma mwalera bwino.' Ndamufunsa kuti ndalera bwino chiyani? Wandiuza. Pamaso pa anzanga onse."

"Bambo, ndi bodza!"

"Mayi akonso akutero. Koma mayi akowa, tisanakwatirane, ankagwira ntchito pamalo amodzi ndi malemu bambo ake a mnyamatayo. Zimenezo si bodza. Eti, mayi ake mwana?"

"Pamalopo tinalipo anthu makumi asanu!" analira mayi ake. "Munthuyo sindinamupatsepo ngakhale moni wa pamanja!"

Apa m'pamene Kadontho anazindikira kuti mawu ake awiri aja sanathere m'buku. Ngati iye ndi mwana wa bambo ake a Mawaya, ndiye kuti mayi ake ndi otani? Zimenezo sanaziganizeko pomwe ankayang'ana sokosi ija pagalasi.

Anagwada pansi n'kufotokoza zonse: buku, a Chipewa, cholembera chofiira, kumwetulira kwa amake Mawaya. Bambo ake anamvetsera osamudula.

"Ndikufuna kukukhulupirira," anatero. "Mulungu akudziwa kuti ndikufuna. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakusokera chovala chilichonse chomwe wavalapo. Koma mkazi wa malemuyo wavomera pagulu, ndipo iwe unaima pomwepo osatsutsa. Ngati ndi bodza, ukalifufute pomwe unalilemba, ine ndikuona, mayi akowa akuona, mkazi ujanso akuona. Mawa masana."

"Bambo, mawa ndi tsiku la opaleshoni. Ndikaulula andithamangitsa, ndipo ndinamulonjeza kuti andipeza. Ndipatseni nthawi, atuluke kaye."

"Atuluka liti?"

"Pakatha masabata atatu."

"Masabata atatu mayi ako akulozedwa zala pamsika? Masabata atatu ine ndikupepesedwa ndi anthu odzayezetsa mabuluku?" Anavula tepi ija m'khosi n'kuipinda bwinobwino. "Chikwama icho ndalongedza ndekha. Mawa chimasulidwa, apo ayi chituluka nane."

Mayi ake sanamukalipire. Bola akanamukalipira. Anangobwera n'kukhala pansi pambali pake, n'kumugwira phewa.

"Mwana wanga, ine chikondi ndikuchidziwa," anatero. "Koma lero ndapita kukagula anyezi, wogulitsayo wandiponyera m'thumba osandiyang'ana. Sindinalakwe kanthu ine. Sindinalakwe kanthu."

*

Lachisanu masana khonde lija linatalika kuposa masiku onse. Kadontho anali patsogolo, bambo ake pambuyo atavala jekete lawo labwino, mayi ake akukoka miyendo kumapeto. Mayi wokolopa uja anasiya kukolopa, n'kutsamira mtengo wa chokolopera chake ngati munthu amene wapeza malo abwino oonerera mpira.

Amake Mawaya anali kale pabenchi. Atawaona atatuwo anakonza magalasi, n'kumwetulira.

"Mwana wanga wafika! Opaleshoni yayenda bwino, akuti atsitsimuka nthawi ina iliyonse. Mlamu wako walowa kale." Kenaka anatembenukira kwa bambo ake a Kadontho. "Kodi awa ndi abambo okulera aja? Mwagwira ntchito, bambo."

Bambo aja anangomulozera Kadontho buku lija. 

Kadontho anasuzumira pa kagalasi kaja. Madamu anali pampando, thaulo lili m'manja. Mawaya anali chigonere, bandeji yatsopano ili mbee. Koma mutu wake unkayenda papilo, uku ndi uku, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akufunafuna chinthu m'tulo. Milomo yake inkagwedera.

A Chipewa anatembenuza buku lija n'kulikankhira kwa iye. Dzina la Madamu linali pamzere wapamwamba, ndi mawu ake awiri okongola aja. Mzere wotsatira unali wopanda kanthu.

Analemba tsiku. Analemba dzina lake. Analemba la wodwala. Cholembera chinafika pamalo omalizira paja n'kuima.

Akalemba kuti mlongo wake, chitseko chitseguka, Mawaya atsegula maso n'kumupeza monga analumbirira. Koma kumbuyo kwakeku bambo ake atembenuka, ndipo chikwama chija chituluka m'nyumba. Akalemba zoona, mayi ake ayera pamaso pa anthu onse, koma chofiira chija chidutsa padzina lake, ndipo Mawaya adzuka n'kupeza kumiyendo kulibe munthu. Masabata atatu, wopanda foni, mutu wosokonekera, womufotokozera chifukwa chake n'kukhala mayi ake ndi Madamu.

"Lemba, mwana wanga," anatero bambo ake chapansipansi. 

"Lemba, mwana wanga," anateronso amake Mawaya, mokoma.

"Achemwali, mzere watalika kumbuyoku," anatero a Chipewa, akuloza ndi chala pamalo opanda kanthu paja. "Tangolembani. Ndinu ndani wake?"

M'katimo, kuseri kwa galasi, Mawaya anatsegula maso.

Tsono inu amene mwakhala mukunong'ona nkhaniyi sabata yonse, inu oona makutu ofanana, cholemberacho chikanakhala m'dzanja lanu, bambo anu kumbuyo, wokondedwa wanu kutsogolo, mukanalemba chiyani pamenepo?